Shopu ya njinga ya ku Salima ndi ulendo wokwera Khwekhwerere: mawilo ndi mabuleki amazidziwa, koma magiya asamaleni

Gulu lofuna kupalasa njinga kuchoka ku Salima kukafika ku Dedza posonkhetsa ndalama zothandizira odwala khansa limasowa zinthu ziwiri zimene ambiri amazikumbukira mochedwa: makaniko woona njinga zonse tsiku lisanafike, ndi galimoto yotsatira m'mbuyo. Cha ku Kamuzu Road kuli shopu ina imene imachita zonse ziwiri. Ntchito yawo ya masiku onse ndi njinga za kabaza, ndipo luso lawo ndi zofooka zawo zimachokera pamenepo.

Msewu wake ndi umene umalamula zonse. Kuchoka ku Salima mumatsata M5 kulowera kummwera, kudzera ku Chipoka, Mtakataka ndi mphambano ya ku Mua, mpaka pa Golomoti. Ndi makilomita opitirira 70 a chigwa, otentha koma opanda zitunda zoopsa. Pa Golomoti mumakhotera kumanja n'kuyamba Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wokakumana ndi M1 pa Masasa. Salima ili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pafupifupi pa 1,600. Ndiye kuti mukukwera mamita oposa 1,000, ndipo ambiri mwa iwo akubwera miyendo itatopa kale.

Pa mawilo, amakaniko a pa shopuyi palibe chowaphunzitsa. Munthu amene tsiku lililonse amawongola limu yonyamula matumba a mpunga ndi anthu akuluakulu amadziwa sipoko yofooka poigwira chabe. Amafinya masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse, kumanga olefuka pang'onopang'ono, osati kukoka imodzi mpaka limu itapendekera kwina. Chimene tachikonda kwambiri n'chakuti amachotsa tayala ndi chubu kuti aone lamba wophimba mitu ya masipoko mkati mwa limu. Machubu ambiri amene amaphwa popanda minga amabooledwa ndi mutu wa sipoko pamene lambayo wang'ambika. Mahabu, kapena kuti mitima ya mawilo, amawatsegula, kutsuka ndi palafini, kusintha timipira tachitsulo ngati tadyeka, n'kuika girizi watsopano.

Mabuleki nawonso amawagwira bwino, makamaka ofinya limu. Amasintha mabuloko ngati mizere yake yafufutika, ndipo amawaika mopendeketsa pang'ono kuti kutsogolo kwa buloko kuyambe kukhudza limu, kumbuyo kukutsala ndi mpata wa milimita imodzi. Zimenezi zimathetsa kulira kwa mabuleki kuja. Waya wa buleki wothothoka ngakhale ulusi umodzi amautaya, sakambirana. Ngati gulu lanu libwerera pa njinga, apa m'pamene pali moyo wanu. Potsika Khwekhwerere munthu akagwira buleki osasiya, limu imatentha, mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo tayala likhoza kuphulika pakona. Mankhwala ake ndi kufinya mwamphamvu kanthawi kochepa musanalowe pakona, kusiya, n'kumaima apo ndi apo kuti malimu azizire. Njinga ya buleki yopondera chammbuyo isatsike nawo msewu umenewu, chifukwa habu yake imatentha mpaka girizi kusungunuka.

Mabuleki a disiki oyendera mafuta sawakhudza, ndipo amanena poyera. Tikuwayamikira pa chimenechi. Mabuleki a kampani ya Shimano amafuna mafuta awoawo. Mukathiramo mafuta a buleki ya galimoto, mphira za mkati zimatupa n'kuwonongeka. Amene ali ndi mabuleki otere akawakonzetseretu ku Lilongwe.

Vuto lili pa magiya. Njinga ya kabaza ili ndi giya imodzi, choncho amakanikowa sanazolowere kachitsulo kosuntha tcheni kumbuyo. Zolakwika zake ndi zitatu, ndipo iliyonse ikhoza kukutsitsani pa njinga pakati pa phiri. Choyamba, amaika tcheni chilichonse chimene chili pa shelefu. Tcheni cha magiya 6, 7 kapena 8 n'chonenepa kuposa cha magiya 9, ndipo chikaikidwa pa njinga ya magiya 9 chimakhula mano oyandikana n'kumadumphadumpha. Chachiwiri, sakonda kumanga kasikuluwu kolembedwa L, ka pa kachitsulo kosuntha tcheni kaja. Kasikuluwu kameneka ndi kamene kamaletsa tcheni kupitirira giya yaikulu ya kumbuyo. Kakakhala komasuka, nthawi imene mukufuna giya yopepuka kwambiri pa chitunda, tcheni chimagwera m'masipoko, kachitsulo kosunthira kamakokedwa, ndipo wilo limene aliwongola bwino lija limathera pomwepo. Chachitatu, kachitsulo kopachikapo chosunthira tcheni kakapindika amakawongola ndi dzanja poyang'ana ndi maso. Kamaoneka kowongoka, koma magiya apakati sakhazikika.

Chida choyezera kutha kwa tcheni alibe, koma mukhoza kuyeza nokha ndi lula. Pa tcheni chatsopano, kuchoka pa pini ina kufika pa pini ya nambala 24 kutsogolo kwake ndi mainchesi 12 ndendende. Ngati papitirira ndi milimita imodzi ndi theka, tchenicho chatha. Dziwaninso kuti tcheni chatsopano pa mano akale odyeka chimaterereka mukaponda mwamphamvu, choncho nthawi zambiri zimasinthidwira limodzi. Ndipo musawalole kuthira oilo wakuda wochotsedwa mu injini. Ndi mchenga wa ku Salima, oilo ameneyu amasanduka phala lopera tcheni.

Funso limene shopuyi sifunsa, koma liyenera kufunsidwa, ndi lakuti giya yanu yopepuka kwambiri ndi yotani. Njinga ya kabaza ya mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo imayenda mamita opitirira 5 mukazunguliza mapedulo kamodzi. Njinga ya m'mapiri ya mawilo a mainchesi 26, mano 22 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, imayenda mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 35. Yachiwiriyi ndi imene imakweza munthu wamba wosachita mipikisano. Anyamata a kabaza ndi amphamvu, palibe angatsutse, koma pa Khwekhwerere ambiri adzakankha, ndipo gulu liyenera kuwerengera nthawi imeneyo.

Galimoto yotsatira ndi pikapu. Dalaivala amayenda kumbuyo kwa wopalasa womaliza atayatsa magetsi ochenjeza, ndipo satopa ndi kuyenda pang'onopang'ono. Amanyamula machubu, zigamba, sulushoni, masipoko, mawaya a buleki ndi pampu yaikulu yokhala ndi geji. Pa matayala onenepa a njinga za m'mapiri, 45 mpaka 55 psi pa tala ndi zokwanira, bola musapitirire nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. Onetsetsani kuti machubu ndi a saizi zanu, chifukwa ambiri amene amasunga ndi a mainchesi 28 a kabaza ndi 26. Amene ali ndi 27.5 kapena 29 abwere ndi ake awiri, pamodzi ndi kapampu kogwirizana ndi valavu yake.

Madzi amanyamula ochepa: zigubu ziwiri za malita 20. Werengani nokha. Kukatentha, wopalasa amamwa pakati pa theka la lita ndi mamililita 750 pa ola. Anthu 15 kwa maola 8 ndi malita ofika 90, kutanthauza zigubu zisanu, ndipo simunaphatikizepo othira kumutu. Onjezani mapaketi a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi, chifukwa thukuta limachotsa mchere ndipo madzi okha sabwezeretsa. Chakudya chikhale cha pang'onopang'ono ola lililonse: nthochi ziwiri, kapena mbatata yophika, kapena mandasi ndi thobwa. Nsima ya masana pa Golomoti, chitunda chili pamaso, ndi kudzipweteka.

M'galimotomo mulibe munthu wachipatala, ndipo bokosi lawo la mankhwala ndi mabandeji basi. Pezani namwino wanu. Wopalasa akayamba chizungulire, nseru kapena kulankhula zosalongosoka, atsike msanga, agone pamthunzi, amuziziritse ndi madzi, ndipo ngati sakutsitsimuka athamangire naye kuchipatala. Pa maulendo otere pamakhala ena amene adadwalapo khansa ndipo akufuna kupalasa nawo. Amenewa ayambe aonana ndi dokotala wawo, makamaka ngati akulandirabe mankhwala.

Nyengo yabwino ndi May mpaka July, pamene kuli kozizirirapo. Koma imeneyi ndi nthawi ya mwera, umene umawomba kuchokera kummwera chakummawa, ndiye kuti pa M5 mudzalimbana nawo maso ndi maso. Nyamukani 5 koloko mmawa usanalimbe. October ndi November musayerekeze. Kudziwitsa apolisi apamsewu ndi ntchito yanu, shopuyi sichita.

Pa ndalama ali ndi khalidwe limene timalifuna: lisiti lawo limasiyanitsa zipangizo, ntchito ndi mafuta a galimoto. N'zofunika, chifukwa amene wapereka ndalama zake amafuna kudziwa kuti zingati zapita kwa wodwala. Odwala a ku Salima amene atumizidwa ku Kamuzu Central Hospital amayenda makilomita pafupifupi 100 pa M14, kobwerezabwereza, ndipo thiransipoti imeneyi ndi imene imagwetsa mabanja. Ambiri ndi amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi. Mu Salima momwemo muli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika amene adayambitsa mayi Lucy Finch. Bungwe lililonse limene mukufuna kulisonkhetsera, tengani kaye kalata yawo yovomereza, ndipo ndalama zolipira shopu ndi galimoto zichokere m'thumba la opalasa kapena kwa wothandiza wina, osati m'mbale ya odwala.

Perekani njinga kutatsala milungu iwiri, mutagula kale matcheni ndi mano a kumbuyo ogwirizana ndi njinga zanu. Poitenga, kwezani wilo lakumbuyo, lowetsani giya yaikulu ya kumbuyo, kankhirani kachitsulo kosunthira kumbali ya masipoko ndi chala uku mukuzunguliza pedulo. Tcheni chikalumpha, makaniko amange L muli pompo. Kenako kayeseni pa zitunda za M14 polowera ku Lilongwe, osati pa msewu wathyathyathya wa ku Senga Bay umene suulula kanthu.