Jakisoni wa pamsana, pethidine kapena gasi: bola chiti pa leba kuno ku Harare?

Azimayi anzanga a ku Mbare, Mufakose, Tafara ndi konseko, tikamacheza pa sikelo ndimamva ambiri akuti jakisoni wa pamsana ndi mmodzi basi. Ayi ndithu, alipo awiri. Wa opaleshoni uja ndi spinal, amabaya kamodzi, mphindi 5 zokha miyendo yafa kale dzanzi koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola ngati 2. Epidural ndi ina, amakukhazikani m'mphepete mwa bedi mutakumbatira pilo, msana mwapinda, adokotala ogonetsa aja nkulowetsa kapaipi kowonda kwambiri m'munsi mwa msana nkukamata ndi pulasitala mpaka paphewa, ndiye mankhwala (nthawi zambiri bupivacaine wosakaniza ndi fentanyl) amangowonjezera pomwepo mpaka mutachira.

Pa kuthetsa ululu palibe chopikisana ndi epidural, tisanamizane. Pakatha mphindi 15 kapena 20 mimba ikamawawa mumangomva kulimba, ena mpaka amagona tulo. Koma imabwera ndi katundu wake: dripu pamkono poti BP imatha kutsika, miyendo kulemera, mwina kapaipi ka mkodzo, ndipo nthawi yotchima imatha kutalikirako moti ena amathandizidwa ndi vacuum (kachipangizo kokokera mwana). Mmodzi mwa azimayi pafupifupi 100 amadwala mutu woopsa womwe umakula akadzuka. Zija amanena azakhali zoti msana udzakuwawani moyo wonse kafukufuku sakugwirizana nazo, pobayidwa paja pamangopweteka masiku ochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo mu 2018 linati mayi wathanzi akafuna epidural apatsidwe.

Pethidine amabaya azamba pantchafu kapena pathako, sizilira dokotala. Ululu sautha, umangopita patali inu muli ngati mwaledzera, ena nseru mpaka kusanza, ndipo maola 2 mpaka 4 yatha. Chimene sindiikondera ndi choti ikabayidwa mwana ali pafupi kutuluka amatha kubadwa watulo, osapuma bwino, nchifukwa chake azamba amakana njira ikatseguka kwambiri, si nkhanza ayi.

Gasi (Entonox) ndi wopepuka, mumakoka nokha ululu ukamayamba, mukasiya mphamvu yathanso. Chizungulire pang'ono basi, koma si paliponse mungampeze.

Nkhani yeniyeni ndi komwe mwabukitsa. Kumakiliniki a khonsolo ngati Edith Opperman ku Mbare ochiritsa ndi azamba, zikavuta amatumiza kuzipatala zazikulu, ku Sally Mugabe kapena ku Mbuya Nehanda ku Parirenyatwa, ndiye epidural musaiwerengere kukiliniki poti imafuna dokotala wogonetsa pafupi. Ku private ndi komwe mungaipemphe mosavuta, koma dokotalayo amakhala ndi bilu yakeyake pambali, ndiye funsani a medical aid mimba ili miyezi 7 ngati amalipira, osati matenda atayamba usiku.

Ineyo mimba yoyamba kapena leba yochita kuyambitsa ndi dripu, thumba likulola, ndingatenge epidural. Koma ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi kapena ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana) ndi otsika auzeni msanga adokotala, mwina sangakubayeni.