Njira ya mapointi yowerengera msonkho wa nyumba ku Mzuzu: mmene ndaionera

Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Chibavi, ndipo msonkho wa malo ndi nyumba, umene ambiri timangouti ma city rates, ndakhala ndikuulipira kuyambira pamene Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu inayamba kuwerengera nyumba zathu ndi mapointi. Njirayi inabwera mu 2013 pansi pa ndondomeko yothandiza khonsolo kutolera ndalama zambiri yotchedwa REMOP, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GIZ.

Chimene ndimaikondera n'chakuti munthu wamba amatha kumvetsa chifukwa chake bilu yake yafika pamene yafikapo. Olembera amayeza kukula kwa nyumba, kenako amaona ngati denga ndi la malata, ngati khoma ndi la njerwa zowotcha, ngati pali mpanda, magetsi ndi madzi a kumpopi, ndipo chilichonse mwa izi chimakweza kapena kutsitsa mapointi amene bilu imawerengedwerapo. Mnansi wanga wa nyumba yaikulu yotchingidwa ndi mpanda amalipira ndalama zoposa zanga, koma palibe mwa ife amene amadandaula kuti akumudyera masuku pamutu. Kale ntchitoyi inkadikira akatswiri ovomerezeka oyesa mtengo wa nyumba, amene m'dziko muno ndi owerengeka komanso ofuna ndalama zambiri, motero nyumba zochuluka sizinkapezeka n'komwe m'kaundula. Kalembera watsopanoyu atachitika, chiwerengero cha nyumba zolembedwa chinachoka pa 10,000 n'kufika pafupifupi 40,000.

Nkhawa zanga zilipo ndithu. Pamene njirayi inkayamba, lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linkayembekezerabe kuti mtengo wa nyumba uziyesedwa ndi akatswiri aja, choncho mapointi analibe maziko olimba m'malamulo. Kuwonjezera apo, mzindawu ukukula mofulumira, makamaka cha ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa, ndipo kaundula wosakonzedwa pafupipafupi amachititsa kuti olipira akhale omwewomwewo pamene omanga kumene akungodutsa. Mzuzu ndi wa mvula yaitali, ndipo munthu amalipira ndi mtima woyera akaona ngalande zokumbidwa ndi zinyalala zochotsedwa.

Kwa eni nyumba anzanga, ndinganene kuti njirayi ndi yabwino kuposa yakale. Mukalandira bilu muziyang'anitsitsa ngati zolembedwamo zikugwirizana ndi nyumba yanu, ndipo lisiti lililonse muzilisunga pamodzi ndi mapepala a malo.