Makina otong'olera chimanga a ana a ku yunivesite aja

Amene mukufunsa za makina akubwereketsa anyamata aja pa Mitundu, ine ndawagwiritsa ntchito ndipo ndi abho ndithu. Ngopukusa pamanja, safuna magetsi olo dizilo, chimanga chimatuluka chosasweka bola chikhale chouma bwinobwino, chachinyezi chimakanirira pa chitsononkho.

Chandisangalatsa kwambiri nchoti gulu lawo si la mainjiniya okha, muli atsikana awiri ophunzira za chikhalidwe cha anthu ndi zilankhulo ndiye iwowo ndi amene anayenda m'midzi kucheza ndi azimayi, nkuwauza anzawo aja kuti chogwirira chatalika anthu akupweteka msana komanso ambiri amatong'ola atakhala pamphasa, basi anyamata nkudula miyendo ya makinawo kuwotchereranso. Malangizo ake ali m'Chichewa chomveka ndi zithunzi zomwe, mayi anga sanavutike nawo olo pang'ono. Zimenezi mainjiniya paokha sakanaziganiza.

Vuto ndi kulemera, pa kabaza sakwera mpaka mupeze ngolo. Foni yawonso sayankha msanga nthawi ya mayeso, muziwauziratu kukadali masiku.