Kachivindikiro ka pulasitiki kanateteza chilonda changa cha kumwamba kwa m'kamwa

Nkhama za mano anga awiri a m'munsi zinatha mpaka mizu kuyamba kuonekera, choncho dokotala wa mano wa ku Avenues, kuno ku Harare, anadula kachigamba ka mnofu kumwamba kwa m'kamwa n'kukasokerera pa nkhamazo. Anandichenjezeratu kuti ululu weniweni sudzakhala pamene wasokapo, koma pamene wachotsa mnofuwo, chifukwa chilonda chimenecho chimapola chokha kuyambira m'mphepete, ndipo pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti khungu latsopano likwanire.

Sabata imodzi opaleshoni isanachitike, anadinda chikombole cha mano anga a m'mwamba n'kupangitsa kachivindikiro kopyapyala ka pulasitiki, kamene madokotala amakatcha stent. Atamaliza kudula, anaika siponji ya collagen pachilondapo, imene imathandiza magazi kuundana kenako n'kusungunuka yokha, ndipo pamwamba pake anandiveka kachivindikiroko.

Ubwino wake ndinauona usiku woyamba womwe. Lilime silimva kuletsa, limangofuna kufufuza pamene pali bala, koma linkangokumana ndi pulasitiki yosalala, ndipo magazi sanatuluke. Ndinayamba ndi phala lozizira ndi nthochi zophwanya, ndipo pofika tsiku lachisanu ndinkatha kumeza nsima yofewa, sadza monga timanenera kuno, popanda kubayidwa. Tsiku lina ndinavula kachivindikiroko msanga n'kumwa tiyi wofunda chabe, koma ululu umene ndinamva unandigwetsa misozi, ndipo m'pamene ndinazindikira kukula kwa ntchito imene kanali kugwira.

Zovuta zake ziliponso. Masiku atatu oyamba malovu ankachuluka ndipo mawu ankatuluka mopotoka, moti ndinajomba kukwaya ya mpingo wathu ku Mufakose milungu iwiri, zimene zinandiwawa mtima kwambiri. Kamafunanso ukhondo waukulu: dokotala atandilola kumakavula, ndinkakatsuka ndi madzi ozizira ndikangomaliza kudya, popeza madzi otentha angakapinde, n'kuchukucha m'kamwa pang'onopang'ono ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine, amene anasiya mano anga atathimbirira pang'ono.

Ndinakalipira padera, koma sindidandaula nazo ndalamazo. Ngati mukukonzekera opaleshoni yotereyi, funsani dokotala wanu za kachivindikiroka tsikulo lisanafike, chifukwa chikombole chimayenera kudindidwa m'kamwa musanakhale chilonda.