Chonolera tcheni cha Stihl 2-in-1: chimachita bwino pati, chimalephera pati

Bizinesi yanga ndi yaing'ono. Ndili ndi anyamata ochepa komanso galimoto imodzi yonyamulira zida. Timagwetsa mitengo yomwe yapendekera nyumba za anthu, timasadza nthambi, timalambula malo omangapo, nthawi zina n'kutchetcha. Pa zonse zomwe ndagula pofuna kuti makina azikhalitsa, chomwe chandithandiza kwambiri n'chaching'ono, chokwana m'thumba la ovolosi. Ndi chonolera tcheni cha chainsaw chotchedwa Stihl 2-in-1. A kampani ya Pferd amagulitsanso chopangidwa mofanana nacho, chotchedwa CS-X, ndipo zambiri zomwe ndinene pano zikukhudza zonse ziwiri.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Chili ndi zogwirira za pulasitiki uku ndi uku, ndipo pakati pali matupa atatu: awiri obulungira, limodzi lafulati. Palinso timipiringidzo tachitsulo tomwe timatsetsereka pamwamba pa mano a tcheni kuti tupa lisalowe pansi kwambiri kapena kukwera m'mwamba. Mukakankha kamodzi, tupa lobulungira limanola dzino, pomwe lafulati likusenga kachitsulo kotumphuka komwe kali kutsogolo kwa dzinolo, komwe timati depth gauge. Zogwirirazo anazidula mopendeketsa, moti mukaziyika molingana ndi bar, chitsulo chachitali chomwe tcheni chimazungulirapo, ndiye kuti mwapeza kale madigiri 30 omwe matcheni ambiri amafuna. Mukatha mano oyang'ana mbali imodzi, mumachitembenuza n'kuyamba a mbali inayo, ndipo pali mivi yosonyeza kokankhira.

Nkhani yonse yagona pa depth gauge. Ambiri mwa ife timadziwa kunola dzino, koma kachitsulo aka timakasiya osakakhudza mpaka tcheni chitatha. Dzino la tcheni analipanga lotsetsereka chakumbuyo, choncho nthawi iliyonse mukalinola limafupika, komanso limatsika pang'ono. Depth gauge ikatsala pomwe inali, mpata wa pakati pa iyo ndi nsonga ya dzino umanka nuchepa. Mpata umenewu ndi womwe umalamula kukula kwa chibenthu chomwe dzino lingasenge, monga momwe mpeni wa pulena ya kalipentala umayenera kutulukirako pang'ono kuti upale thabwa. Pa matcheni a saizi ya .325 ndi 3/8 (masaizi a tcheni amatchulidwa m'mainchesi) mpatawo umafunika kukhala 0.65 mm, pa .404 ndi 0.80 mm. Ndi kampata kochepa moti ndi maso okha simungakayeze.

Mpata ukachepa, tcheni chimakhala chakuthwa ndithu, koma sichiluma. Apa ndi pomwe makina amayambira kuonongeka. Mnyamata akaona kuti mtengo sukuduka, amayamba kudinikiza ndi thupi lonse. Injini imalira mokakamizika, kilatchi imatentha, m'mphepete mwa bar mumaperesekera, petulo amatha msanga, ndipo iye mwini pofika masana mikono yalefuka. Munthu wotopa atanyamula chainsaw ndimamuopa kuposa mtengo womwe akudulawo. Komanso ena akazindikira vutoli amatenga tupa lafulati n'kusenga mongoyerekeza, mapeto ake amapyoza muyezo. Tcheni chotero chimaluma mwaukali, makina amanjenjemera m'manja, ndipo savuta kudumphira kumbuyo kwa wodulayo nsonga ya bar ikagunda chinthu. Njira yolondola yakale inali kutenga kachitsulo koyezera, kukayika pa dzino lililonse, n'kusenga chomwe chatumphukira. Ndi njira yabwino, koma sindinaonepo wantchito amene amaitsata ali kutchire, mwini malo akudikira kuti mtengo uchoke tsiku lomwelo. Chonolera ichi chimachotsa vuto lonselo, chifukwa depth gauge imatsika limodzi ndi dzino, munthu afune asafune.

Umu ndi momwe timachitira. Makina azimitsidwe, buleki ya tcheni imangidwe, bar ipanidwe pa vayisi, kapena pa kavayisi kokhomera pa chitsa tikakhala kutali. Tcheni chikhale chokungika bwino, apo ayi dzino limagwedera tupa likamadutsa. Ndimapukuta oyilo ndi utomoni kaye. Kenako ndimayang'ana dzino lalifupi kuposa onse, ndikulipaka chizindikiro ndi cholembera kuti ndidziwe poyambira, chifukwa enawo ayenera kufanana nalo. Tupa limadya popita kutsogolo pokha, kuchokera m'kati mwa dzino kupita kunja. Pobwerera ndimalinyamula pang'ono. Ndikatha mano omwe ali pamwamba, ndimamasula buleki n'kukoka tcheni nditavala magolovesi. Dzino lonoledwa bwino mumalidziwa poliyang'ana padzuwa: m'mphepete mwake simuoneka kamzere konyezimira. Kakaoneka, ndiye kuti kubuntha kukadalipo. Umboni weniweni umaoneka podula. Tcheni chakuthwa chimalavula tizibenthu tokhuthala ndipo chimadzikokera chokha mumtengo, pomwe chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala womwe umakanirira mu fyuluta ya mpweya.

Lamulo lomwe ndinapatsa anyamata n'lakuti pothira petulo azinolanso, kukankha kawiri kapena katatu pa dzino lililonse. Sizitenga nthawi, ndipo injini imapezerapo mpata wozizira. Kunola pang'ono pafupipafupi kumasunga chitsulo cha dzino kuposa kudikira kuti libunthiretu. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti mnyamata wongoyamba kumene ntchito amachigwira tsiku lomwelo n'kunola bwino. Luso lonola ndi tupa lopanda chotsogolera limatenga nthawi kuti lilowe m'manja, ndipo pophunzirapo matcheni amaonongeka ndithu. Wina amanola kwambiri mbali ya dzanja lake lamphamvu, kenako makina amayamba kudula mokhota.

Musanagule, dziwani saizi ya tcheni chanu, chifukwa chonolera chimodzi chimagwira saizi imodzi basi. Cha tupa lobulungira la 3.2 mm n'cha matcheni a 1/4 P, cha 4.0 mm n'cha 3/8 P, cha 4.8 mm n'cha .325, cha 5.2 mm n'cha 3/8, ndipo cha 5.5 mm n'cha .404. Pa matcheni a Stihl pali nambala yodindidwa pa depth gauge pomwepo: 2 akuimira .325, 3 akuimira 3/8, 6 akuimira 3/8 P. Chenjerani ndi 3/8 ndi 3/8 P. Mayina akufanana, koma mano ake ndi osiyana msinkhu, ndipo tupa la 5.2 mm pa dzino laling'ono limaononga kapangidwe ka mlomo wake.

Pali ntchito zomwe chida ichi sanachipangire. Tcheni chikagunda mwala, msomali kapena waya womwe mtengo unameza, nsonga za mano zimaphwanyika, ndipo pofunika kusenga chitsulo chambiri. Mungathe kulimbana nacho ndi manja, koma mudzatha matupa ndi nthawi pachabe. Tcheni chotero ndimachichotsa, ndikuyika china, ndipo chowonongekacho chimakanoledwa pa makina onolera a magetsi. N'chifukwa chake makina aliwonse amapita kuntchito ndi tcheni china chosinthira. Matcheni a mano a carbide, chitsulo cholimba kwambiri, tupa wamba siliwadya, amafuna mwala wa dayamondi. Matcheni ocheka matabwa motsatira utali wa mtengo amanoledwa pa madigiri 10, choncho kupendekera kwa zogwirira kuja sikukuthandizani. Chinanso, depth gauge ikasengedwa kambirimbiri pamwamba pake pamasanduka pafulati, ndipo kutsogolo kwake pamatsala kangodya. Kameneko ndimakabulungiza ndekha ndi tupa lafulati wamba, mwa apo ndi apo, kuti tcheni chiziyenda mosadodoma.

Matupa amatha, ndipo amenewa ndiwo mumagula mobwerezabwereza. Chogwirira chimatseguka, mumasolola akale n'kulowetsa atsopano, kungoonetsetsa kuti ayang'ana komwe mivi ikuloza. Tupa lotha mumalimva m'manja, limangoterereka osatulutsa tizitsulo. Likafika apo litayeni, musalimvere chisoni. Ndimagogoda chonoleracho pa thabwa ndikatha ntchito kuti tizitsulo tigwe, ndipo chimakhala m'kathumba kakekake, osati m'bokosi momwe chizigundana ndi masipanala. Ziliponso zonolera zongokopera zopanda dzina zomwe zimaoneka chimodzimodzi. Mnyamata wina anabwera nacho chake, ndipo matupa ake anali ofewa moti tsiku lisanathe anali atasalala, pomwe lafulati linkasenga mopitirira muyezo. Zimenezo sindilola kuti zikhudze matcheni anga.

Popeza tcheni chili kale m'manja, pali tintchito tina tomwe ndimachitira kumodzi madzulo. Ndimatembenuza bar kuti iziperesekera mofanana mbali zonse, ndimakokota zinyalala mu ngalande yake, ndikutsegula kabowo kodutsa oyilo. Sprocket, kagudumu ka mano komwe kamazunguza tcheni, ndimasintha pakatha matcheni awiri, monga momwe opanga makina amalangizira, chifukwa yoperesekera imaononga tcheni chatsopano msanga. Ndipo tikaweruka timamasula tcheni pang'ono. Chikamazizira chimafupika, ndipo chikasiyidwa chokungika chimakoka shafti ndi mabering'i a injini usiku wonse.

Kodi n'choyenera kugula? Kwa mmisiri amene wanola ndi manja zaka zambiri ndipo amayeza depth gauge mokhulupirika, mwina sichisintha zambiri. Koma ngati makina anu amagwidwa ndi anthu angapo, ena odziwa ena ophunzira, gulani chimodzi pa saizi iliyonse ya tcheni yomwe muli nayo, pamodzi ndi matupa apadera. Ife tili ndi makina aakulu ogwetsera a 3/8 ndi ang'onoang'ono osadzira a 3/8 P, choncho ndinapaka penti yofiira pa chogwirira cha chonolera chachikulu ndi pa chivundikiro cha makina ake, yobiriwira pa zing'onozing'ono, kuti pasakhale wosokoneza.