Miyala yamoyo kapena youma, LED kapena T5: kumene ndalama za thanki ya makorali zimabisala

Anthu amene akufuna kuyamba thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali (zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati maluwa kapena nthambi za miyala), makamaka amene anazolowera kuweta mbuna, amabwera ndi mafunso awiri omwewo: ndigule miyala iti, nanga nyali ziti? M'masitolo a ku Johannesburg kapena ku Britain yankho limatsatira mtengo wolembedwa pa shelefu, koma mtengo umenewo sunena zonse. Kuti ziwerengero zimveke, titenge thanki ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 kuya kwake, yolowa malita 300. Ikadzaza, kuphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, imayandikira makilogalamu 400, ndiye tebulo wamba la pabalaza iwalani.

Nkhani yaikulu ili pa miyala. Miyala yamoyo ndi imene yakhala m'nyanja yamchere kapena m'thanki yokhwima, ndipo imabwera ili yonyowa, ndi mabakiteriya ake, tizilombo ting'onoting'ono ndi ndere yapinki yolimba imene imamera pamwalapo. Miyala youma ndi yokumba pamtunda ngati ya Marco ya ku Florida, yopanga m'fakitale ngati ya Real Reef ndi CaribSea LifeRock, kapena ya makorali akufa imene anaiyanika padzuwa. Yamoyo ndi yodula kwambiri ndipo inayamba kusowa Fiji italetsa kuitumiza kunja kumapeto kwa 2017. Komanso makorali olimba ali pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, choncho kutola mwala pagombe la Mozambique n'kuwoloka nawo malire popanda chilolezo ndi mlandu.

Ogulitsa miyala youma amangoti ndi yoyera, ilibe tizilombo, ndi yotchipa. Zonsezo n'zoona, koma chimene sanena ndicho chimandikwiyitsa, chifukwa ndicho chimagwetsa mphwayi anthu ambiri chaka chisanathe. Choyamba ndi fosifeti, chinthu chotuluka m'zinthu zoola chimene chimakulitsa ndere. Mwala umene kale unali korali, monga wa Pukani, umakhala ndi zamoyo zimene zinaumira m'mabowo ake. Ukalowa m'madzi zimayamba kuola, ndipo mwalawo umatulutsa fosifeti pang'onopang'ono kwa miyezi. Mumasintha madzi Loweruka, mukayeza Lachitatu fosifeti wabwerera pomwe anali, ndere yobiriwira yonga tsitsi yaphimba chilichonse. Apa ndi pamene mumayamba kugula GFO (timibulu toyamwa fosifeti m'madzi), kachipangizo koikamo GFO yo, mankhwala oyezera, ndi mchere wosinthira madzi kawirikawiri. Ndalama zimene munapulumutsa pa miyala zija zatha kale.

Chachiwiri n'choipa kuposa pamenepo. Mwala wouma ulibe zamoyo zolimbirana malo, ndiye chimene chafika poyamba chimalanda thanki yonse. Munthu akalimbana ndi ndere mpaka fosifeti ndi naitireti (chakudya china cha ndere) kufika pa ziro, ma dinoflagellate amatulukira: utoto wabulauni wonanda, wokhala ndi tithovu ta mpweya, umene umachepa usiku n'kubwereranso masana nyali zikayaka. Mitundu ina monga Ostreopsis ili ndi poizoni, ndipo mudzaona nkhono zikufa chagada pamchenga. Kusintha madzi sikuthandiza, nthawi zina kumawonjezera vuto. Mankhwala ake ndi kukweza naitireti afike pakati pa 5 ndi 10 ppm (mamiligalamu pa lita), fosifeti pakati pa 0.03 ndi 0.1, kuika nyali ya UV yopha tizilombo ngati mtundu wake ndi woyandama usiku, n'kudikira. Kuti mudziwe mtundu wake pamafunika maikulosikopu. Palibe wogulitsa amene amawerengera zimenezi pa mtengo wa kilogalamu.

Miyala yamoyo nayonso ili ndi ake. Imabwera ndi alendo osaitanidwa: Aiptasia, tizamoyo tooneka ngati timaluwa, amene amaluma makorali n'kuchulukana mukangowadula, nkhanu zaubweya zodya makorali, ndi mantis shrimp, wachibale wa nkhanu woswa zigoba, amene mumangomva kuti tha! tha! usiku nkhono zikuchepa. Ikachedwa panjira, zamoyo zina zimafa, mwala umanunkha ndipo amoniya amakwera, choncho muyenera kuisunga kaye m'mgolo wa madzi amchere wokhala ndi pampu ndi hita mpaka amoniya afike pa ziro. Koma mavuto amenewa ndi ooneka ndi maso. Aiptasia mmodzi mumamuona, mumamuphimba ndi phala la kalkwasser (laimu wa m'thanki) kapena kuika peppermint shrimp, kachibale ka nkhanu kamene kamamudya. Ma dinoflagellate simungawatole ndi dzanja. Chenjezo limodzi lofunika moyo: mwala wamoyo musamauwiritse kapena kuuthira madzi otentha pofuna kupha tizilombo. Ngati pali makorali ofewa otchedwa Palythoa, nthunzi yake imanyamula poizoni wotchedwa palytoxin, ndipo mabanja athunthu agonekedwapo m'chipatala chifukwa cha zimenezi.

Ine ndili mbali ya miyala yamoyo, koma thumba limalamula, choncho njira yabwino ndi kusakaniza. Pa thanki yathu ija makilogalamu 20 akwana: 15 youma yomangira maziko, 5 yamoyo yochokera m'thanki yokhwima ya munthu amene mwaiona ndi maso anu kuti ilibe Aiptasia. Youmayo iviikeni m'mgolo wamdima kwa masabata 4 mpaka 8, madzi ali pa madigiri 25, mukuyeza fosifeti sabata iliyonse n'kusintha madziwo akakwera. Ngati mungathe, sankhani yokumba kapena yopanga m'fakitale, osati ya makorali oyanika. Miyala ya m'dambo kapena ya m'phiri, imene imakhala bwino ndi mbuna, kuno ayi: ilibe mabowo okhalamo mabakiteriya, ndipo ina ili ndi zitsulo zimene zimapha makorali.

Pomanga, chizolowezi cha thanki ya mbuna chounjika miyala mpaka pamwamba chisiyeni. Makorali amakula, ndipo mulu wotsamira galasi lakumbuyo umasunga zinyalala pamene madzi sakufika. Mangani zilumba ziwiri zosafanana kutalika, chachitali chisapitirire magawo awiri mwa atatu a kuya kwa madzi, ndipo musiye masentimita 7 kapena 8 pakati pa mwala ndi galasi mbali zonse kuti maginito opukutira adutse. Mwala ukhale pagalasi lapansi, mchenga ubwere pambuyo, chifukwa nsomba ya goby kapena pistol shrimp, wachibale wa nkhanu, akakumba pansi pa mwala wokhala pamchenga, mulu wonse umagwa. Miyala youma ipambana apa: mumaimanga pakatoni yojambula kukula kwa thanki, mukumata ndi simenti ya m'thanki kapena super glue, osathamanga. Yamoyo siilola kukhala panja nthawi yaitali.

Tsopano nyali. Nyali ya metal halide (babu lalikulu lowala kwambiri) imakulitsa makorali bwino kwambiri, koma ziwiri za mawati 250 zoyaka maola 8 zimadya mayunitsi 120 pamwezi ndipo zimatenthetsa madzi mpaka mugule makina oziziritsira. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, musayerekeze. Mpikisano weniweni uli pakati pa T5, nyali ya machubu aatali a fulorosenti, ndi LED.

T5 imawala mofanana paliponse, ilibe mithunzi, ndipo ilibe zosintha zoti mulakwitse: machubu 6 a mawati 54, kusakaniza ATI Blue Plus ndi Coral Plus, makorali amakula. Msampha wake ndi wakuti machubu onse 6 amafunika kusintha miyezi 9 mpaka 12 iliyonse ngakhale akuyakabe, chifukwa kuwala kwake kumafooka maso anu osazindikira. Chubu cha galasi chopitirira mita imodzi sichiyenda bwino pa basi kapena m'katundu wa pandege. Mayunitsi ake ndi pafupifupi 90 pamwezi zikamayaka maola 9.

LED imadya magetsi ochepa kuposa pamenepo, siitenthetsa madzi, ndipo imakhala zaka. Msampha wake uli pa kuchuluka kwake: nyali imodzi ya Kessil, AI Hydra kapena Radion imaunikira bwino malo a masentimita pafupifupi 60 mbali zonse, choncho thanki ya 120 ikufuna ziwiri, ndipo nthawi zambiri chopachikira chimagulitsidwa pachokha. Popeza kuwala kumachokera pamalo amodzi, makorali a nthambi otchedwa Acropora akakula nthambi zapansi zimakhala mumthunzi n'kuyera. Zija zotchipa za bokosi lakuda zolembedwa mawati 165 zimakulitsa makorali ofewa ndi LPS (makorali olimba a mnofu waukulu) bwinobwino, koma pakati pake pamawala mopyola muyeso, ndipo mafani ake amachita dzimbiri ndi chinyezi chamchere.

LED imapha makorali ambiri chifukwa kuwala kwabuluu kumaoneka kofooka m'maso mwa munthu, ndiye mwini thanki amakweza mpaka 100 peresenti, korali n'kutaya ndere ya zooxanthellae imene imamudyetsa, n'kuyera mbee. Bwerekani kapena chitani hayala mita ya PAR, yoyeza kuwala kumene makorali amagwiritsa ntchito, tsiku limodzi. Makorali ofewa ndi LPS amafuna PAR ya 75 mpaka 150, SPS (makorali olimba a timatupi ting'onoting'ono monga Acropora) 200 mpaka 350. Yambani pa 30 kapena 40 peresenti, muzikweza ndi 5 pa sabata, maola 8 mpaka 10 patsiku. Kwa amene ali kutali ndi sitolo yogulitsa machubu, LED yapambana. Kwa amene akufuna Acropora okhaokha, LED ziwiri ndi machubu awiri a T5 m'mbali mwake ndi zimene zimathetsa mithunzi.

Skimmer, chipangizo chochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu, gulani yolingana ndi thanki yanu, osati yaikulu mopambanitsa, chifukwa imayeretsa madzi mpaka fosifeti ndi naitireti kufika pa ziro paja. Mapampu opanga mafunde akhale awiri oyang'anizana, onse pamodzi aziyendetsa malita 6,000 mpaka 12,000 pa ola. Poyeza mchere, chipangizo cha refractometer chimaposa hydrometer ya singano, bola muzichiyesa ndi madzi oyesera a 35 ppt (magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi). Mchere ukhale pa 1.025 kapena 1.026 pa muyeso wa kulemera kwa madzi (SG).

Pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kugulidwa nyali yodula isanagulidwe. China ndi sefa ya RO/DI, yochotsa zonse zosungunuka m'madzi. Madzi a pampopi kapena a pa mjigo ali ndi silika, fosifeti, nthawi zina kopa, ndipo thanki imauma malita 2 mpaka 4 patsiku amene mumabwezera ndi madzi opanda mchere. Chilichonse chimene chili m'madziwo chimatsalira m'thanki n'kumachuluka. TDS, muyeso wa zosungunuka m'madzi osefedwawo, ikhale pa ziro, ndipo dziwani kuti pa lita iliyonse yabwino sefa imataya malita 3 kapena 4, amene mutha kuthirira dimba.

China ndi batire. Kumene magetsi amazimazima, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg, makorali amapirira mdima masiku awiri kapena atatu, koma madzi akaima okosijeni amatha m'maola ochepa, ndipo nsomba zikuluzikulu ndi zimene zimayamba kufa. Pampu ya DC ya mawati 10 mpaka 20 yoloza pamwamba pa madzi imayenda usiku wonse pa batire ya mavoti 12 ya 100Ah kudzera pa inveta yaing'ono. Hita musailumikize pa batire yomweyo, imaimaliza msanga: nyengo yozizira fundikani thanki ndi bulangete. Ngati muli ndi sump, thanki yachiwiri yosefera madzi yokhala pansi pa yaikuluyo, zimitsani pampu yokweza madzi dala tsiku loyamba muone ngati madzi obwerera pansi akukwana osasefukira, ndipo mulembe mzere ndi cholembera pamene afika.