Lenzi ya kamera musamayiponye mu trailer ya basi, abale anga a ku Joni

Amangwetu amene muli kuno ku South Africa ndipo kumudzi muli ndi m'bale wojambula zithunzi, tsiku lina adzakuimbirani ndithu kuti achimwene ndipezereni lenzi yabwino kumeneko. Ine mng'ono wanga amajambula maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower ku Blantyre, kamera yake ndi Canon 6D, ndipo lenzi yomwe ankagwiritsa ntchito inali itadya fumbi mkati moti zithunzi zimatuluka zachimbuuzi makasitomala nkumadandaula. Ndiye ndafuna ndikuuzeni momwe ndaonera njira zotumizira, chifukwa ambirife timadziwa kutumiza mabulangete ndi mapoto koma chinthu chagalasi chodula chonchi ndi nkhani ina.

Poyamba penipeni musanaganize zotumiza funsani dzina lonse la kamera, akujambulireni ndithu akutumizireni pa WhatsApp, osangomva zoti ndi Canon basi. Canon yomweyo ili ndi ma mount osiyana, kutanthauza polumikizira lenzi ndi kamera, EF, EF-S ndi RF. Lenzi ya RF siilowa pa kamera zakale za DSLR, ya EF-S siilowa pa 6D kapena 5D, pomwe ya EF imalowa pa DSLR zonsezo komanso pa kamera zatsopano za R ngati pali adapter. Nikon nayo ili ndi F ndi Z. Ukalakwitsa apa ndiye kuti ma rand ako apita, chifukwa kubweza katundu yemwe wafika kale ku Ndirande kuti abwerere ku shopu ya ku Sandton ndi zosatheka kwa ambirife.

Ine ndinasankha EF 24-105mm f/4L IS ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Pa ukwati munthu sakhala ndi mpata womasula lenzi nkuika ina, akwati akulowa mtchalitchi ukufuna anthu onse alowe mu chithunzi, kanthawi kochepa akuvekana mphete ukufuna zala zioneke pafupi, kenako perekaniperekani anthu akuvina fumbi lili koboo. Nthawi iliyonse yomwe wamasula lenzi pamalo otero fumbi limalowa mu kamera. 24 mpaka 105 imakwanitsa zonsezo osamasula, ndipo kumbuyo kwake komwe imalumikizana ndi kamera kuli kalabala kozungulira kotchinga fumbi ndi madontho. Kalabala kameneko ndi komwe muziyang'ana. Lenzi ya 18-55 ija yobwera ndi kamera zing'onozing'ono ilibe. Kwa Fujifilm yang'anani zilembo WR pa dzina, monga XF 16-80mm f/4, kwa Nikon Z pali 24-120mm f/4 S, a Sony ambiri amakonda Tamron 28-75mm f/2.8.

Ena anandiuza kuti bwanji osagula 24-70mm f/2.8, ndipo ndi zoona f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/4, mtchalitchi mwamdima kapena mu holo magetsi atazima imathandiza kwambiri, zithunzi zakenso zimatuluka ngwee mpaka m'mbali. Koma mtengo wake ndi wina, ndi yolemerapo, ya Canon ija ilibe IS yoletsa kugwedera, komanso imathera pa 70 basi. Amene thumba likulola gulani, simudandaula. Zomwe sindingakulimbikitseni ndi zija za 18-300mm zoti chilichonse ikoka, anyamata amazikonda chifukwa imakoka patali koma ukafika kumapeto kwa zoom nkhope zimafewa, ndipo wojambula ukwati amadyera nkhope zomwezo. Chinanso, ngati kamera ya m'bale wanu ndi zing'onozing'ono zija monga 700D kapena 2000D, 24mm imaoneka ngati 38mm, mchipinda chopanikiza gulu silikwana, komanso kamera zimenezo pazokha sizotchingidwa ku madzi ndiye lenzi yokha siyingapulumutse zonse. Ndipo musamuuze kuti ndi ya waterproof ayi. Imapirira chiperoni cha mu June ndi July, imapirira fumbi la mu October, koma chimvula cha mu January chija kapena kugwera mu nyanja ku Mangochi imafa ngati ina iliyonse.

Tsopano nkhani yotumiza. Njira yoyamba yomwe aliyense amathamangira ndi kutumiza ndalama kuti akagule yekha konko. Mukuru, Hello Paisa, Mama Money, zonsezi ndazigwiritsapo ntchito potumiza ya fizi ndi ya feteleza ndipo pa ntchito imeneyo ndilibe nazo mawu. Mukuru umapanga oda pa foni nkukalipira ku Shoprite kapena Pick n Pay, uko akatenga pa booth kapena zilowa mu Airtel Money kapena Mpamba, bola dzina lomwe walemba lifanane ndi la pa chiphaso chake chaunzika, chilembo chimodzi chikasiyana amamubweza. Poyerekeza musamangoona fee yokha, onani ma kwacha omwe afike mmanja mwake pa ma rand omwewo, chifukwa wina fee yake ndi yochepa koma rate yake ndi yotsika. Koma pa lenzi njira iyi sinandisangalatse. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023, ndi kusowa kwa forex komwe kulipo, katundu wochokera kunja amagulitsidwa mtengo wokwera zedi poyerekeza ndi ma kwacha omwe app ikupatsa, ndiye ndalama yomwe kuno ikanagula lenzi yabwino kumudzi imakagula yotopa kale. Komanso zosankha ndi zochepa, amangogula yomwe wina waika pa Facebook popanda warranty. Kuno uli ndi ma shopu ngati Outdoorphoto ku Pretoria ndi Orms ku Cape Town, ndipo za second hand zabwinobwino zimapezeka.

Mukagula ya second hand musachite manyazi kuyiyesa pomwepo. Chotsani zivindikiro zonse, yatsani tochi ya foni kumbuyo nkusuzumira kutsogolo, tifumbi tochepa si vuto koma mukaona tinthu toyera ngati ulusi wa kangaude pagalasi ameneyo ndi chuku, isiyeni. Gwirani kalabala kaja muone ngati sikanang'ambike. Pemphani kamera muikepo lenziyo mujambule nyuzi kapena khoma la njerwa pa 24, pa 50 ndi pa 105, pa f/4 komanso f/8 ndi f/11, kenako kulitsani chithunzicho muone m'makona monse ngati zilembo zikuwerengeka mofanana. Kamera ikalemba Err 01, kutanthauza kuti lenzi ndi kamera sizikumvana, musamvere zoti ndi zazing'ono. Lisiti likhale ndi serial number ndipo inunso muijambule nambalayo musunge.

Njira yachiwiri ndi mabasi ndi ma transporter athu aja. Ndimawalemekeza anthu amenewa, popanda iwo mafiriji, njinga ndi malata athu sizikanafika kumudzi, ndipo mtengo wawo ndi wokambirana. Koma taganizani ulendo wake, kuchoka Johannesburg kukafika Beitbridge, kudikira pa boda padzuwa, Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja, kenako Zobue ndi Mwanza mpaka Wenela, katundu akutsitsidwa nkukwezedwanso pomwe akufuna kusecha, ndipo kabokosi kanu kali pansi pa zikwama zazikulu ndi zigubu za mafuta ophikira. Ine transporter wina, sinditchula dzina, ndinampatsa spika yatsopano mu katoni yake ndipo inafika mbali imodzi itaphwanyika, nditamufunsa anangoti msewu achimwene, ndipo kapepala komwe anandilembera kanalibe mtengo wa katundu ndiye panalibe pogwira. Spika imakonzedwa pa msika, koma lenzi ikagunda magalasi amkati amasuntha pang'ono pokha, kunja ikuoneka bwinobwino koma mbali imodzi ya chithunzi ili mbuu, ndipo wokonza zimenezo kwathu ndi wosowa. Ngati palibiretu njira ina koma basi, ipatseni munthu amene mukumudziwa yemwe akukwera basiyo aisunge mu chikwama cha pamiyendo, osati kondakitala, osati mu trailer.

Yachitatu ndi courier monga DHL, omwe ali ndi maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Apa mtima umakhala pansi chifukwa pali tracking number, umaona pa foni pomwe katundu wafika, ndipo wolandira amasainira. Ndi yodula, zimenezo musadabwe. Dziwaninso kuti samangoyeza kulemera kokha, amayezanso kukula kwa bokosi, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi ndi msinkhu mu ma sentimita nkugawa ndi 5000, ndipo amakulipiritsani chomwe chakula pa ziwirizo. Lenzi yanga ija siifika ndi kilo imodzi yomwe, ndiye mukaiika mu chikatoni chachikulu mukulipirira mpweya. Bokosi likhale lokwana bwino, bubble wrap mbali zonse, isamagwedere mukaligwedeza. Batire ya kamera musaponyemo mwakachetechete, mabatire a lithium ali ndi malamulo ake, afunseni kaye. Ndipo chonde, ndikudziwa kuti anzathu amalangizana kuti lemba mtengo wochepa a MRA asakudule, musatero. Insurance imabweza molingana ndi mtengo womwe mwalemba, ndiye mukanama katundu nkutayika mwadzipweteka nokha, komanso a kasitomu akakayikira amaugwira katunduyo nkuyamba kufuna malisiti. Kulemba kuti ndi mphatso sikutanthauza kuti msonkho palibe. Apa ndi pomwe Mukuru uja amagwira ntchito yake bwino, mtumizireni m'bale wanu ya msonkho ikhale chire katundu asanafike kuti asagonere ku ofesi.

Koma njira yomwe ine ndinagwiritsa ntchito ndipo ndingaibwerezenso ndi munthu wokwera ndege. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu amapita ku maliro kudzera pa Chileka, ndinawapempha mwaulemu, ndinatsegula bokosi pamaso pawo kuti aone chomwe anyamula chifukwa munthu sungamusenzetse chinthu chomata pa bwalo la ndege, ndinawapatsa lisiti ndi ndalama yoti akalipire msonkho akafunsidwa, komanso kangachepe kothokoza. Anaiika mu hand luggage, tsiku lomwelo madzulo mng'ono wanga anali ataimanga kale pa kamera akunditumizira zithunzi za ana apakhomo, tsitsi lililonse likuoneka palokha. Ngati amene akupitayo ndi mlendo wongobwera kudzacheza kuno ndipo lenzi ndi yatsopano, agule mu dzina lake ndi tax invoice, akhoza kukafunsa kubwezeredwa VAT ya 15% pa OR Tambo asananyamuke, pa chinthu chodula chonchi ndi ndalama yooneka.

Mu bokosimo musaiwale kuikamo filter yoteteza galasi lakutsogolo, ya 24-105 ndi 77mm, ndi hood yake yotchinga dzuwa kutsogolo kwa lenzi, ndi timapaketi ta silica gel tambirimbiri. Tomweto timapezeka mu mabokosi a nsapato. Nthawi ya dzinja m'nyumba zathu mumachita chinyontho makamaka kwa amene ali kunyanja kapena ku Mulanje ndi Thyolo, ndiye mumuuze kuti akaweruka aziipukuta, asamaisiye mu chikwama chonyowa, aziiika mu kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketito, ndipo tikakhuta chinyezi mudzamutumizire tina ndi transporter, timeneto tokha tikhoza kukwera trailer popanda vuto.